Kamphepo Asiya Amayi pa Benchi

1. Atsikana awiri, malo amodzi

Pa hotela ina panali atsikana awiri amene anayamba ntchito tsiku limodzi. Wamtali anzake ankamutcha Kamphepo, chifukwa akamadutsa m'khonde ndi kangolo kake ka mashiti ndi matawulo unkangomva kamphepo, munthu wapita kale. Wamfupi ankamutcha Shuga. Dzinali silinachokere ku tiyi ayi, linachokera pakamwa pake. Shuga akakupatsa moni unkakhuta usanadye.

Ntchito yawo inali yokonza zipinda za alendo. Aliyense anali ndi zipinda khumi ndi zinayi pa tsiku. Unkachotsa mashiti ogonera, kuyala ena, kutsuka bafa, kupukuta galasi mpaka kadontho kasaoneke, kupinda matawulo, kukolopa, kenako kutuluka ngati simunalowe munthu.

Onse awiri anali pa miyezi itatu yoyesedwa. Madamu, amene ankayang'anira onse okonza zipinda ndipo ankayenda ndi makiyi olira m'chiuno, ananeneratu tsiku loyamba kuti malo okhazikika ndi amodzi basi. Miyezi itatu ikatha, wina atsala, wina apita.

Atsikanawo sankaikapo mtima. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pa makireti kuseri kwa khitchini, n'kumagawana buledi ndi tiyi wa m'kapu imodzi.

"Akatenga iwe ndiye kuti atenga ine, sisi," Shuga ankatero. "Ife ndi chala ndi chikhadabo."

Kamphepo ankakhulupirira ndi mtima wonse. Pakadakhala wina womuuza kuti asamale ndi Shuga, akadakangana naye mpaka dzuwa kulowa.

Kunyumba Kamphepo ankakhala ndi amayi ake okha m'tizipinda tiwiri. Amayiwo anali telala wodziwika, koma maso onse awiri anachita ng'ala. Makina awo osokera anali atafundidwa nsalu chaka chathunthu. Ankaona kuwala ndi mdima, koma nkhope ya mwana wawo sankaionanso.

Dokotala wa maso ankabwera pa chipatala chachikulu kamodzi pa miyezi inayi. Ulendo uno dzina la amayi linali pa mndandanda wa opaleshoni, tsiku Lachinayi. Anesi anachenjeza kuti wodwala aliyense akhale ndi womuyang'anira pambali pake. Iyeyo ndiye amasayina dzina likaitanidwa, ndipo ndiye amamugwira dzanja wodwalayo pobwerera kwawo diso litamatidwa. Popanda munthu ameneyu dokotala sagwira mpeni.

Vuto linali limodzi. Lachinayi limenelo linali tsiku la ntchito la Kamphepo, m'sabata yomaliza ya kuyesedwa kwake. Koma linali ofu ya Shuga, tsiku lake lopuma.

2. Kapepala kobiriwira

Pa hotela ija anthu ankaloledwa kusinthana masiku, koma panali lamulo lake. Unkatenga kapepala kobiriwira, kulemba tsiku, nonse awiri kusayina, ndipo kapepalako kankayenera kufika m'manja mwa Madamu. Kakapanda kufika, ndandanda ya pakhoma ndiyo inkalankhula.

Lolemba Kamphepo anamupeza Shuga kochapira, akupereka mashiti akuda. Kamphepo sanamalize n'komwe kupempha.

"Aaa, sisi, zimenezo n'zofunsa? Amayi ako ndi amayi anga. Bweretsa ndisayine."

Anasayinira pa tebulo lositira. Shuga anakapinda kawiri n'kukaika m'thumba la yunifomu yake.

"Ndikupita komweko kukatenga makiyi. Ndikapereka ine, iwe thamanga, chipinda 12 mlendo watuluka kale."

Shuga atatuluka, mwini tebulo uja anaimika simbi yake. Anali bambo wachikulire wa imvi, amene anachapa ndi kusita pa hotelapo zaka zoposa za Kamphepo. Aliyense ankangowatcha a Simbi.

"Mtsikana iwe, taima," anatero a Simbi.

"Ndachedwa, bambo."

"Wachedwa, inde, koma ima. Ine ndakalambira m'chipinda chino. Alendo sindiwaona, koma antchito nonse ndimakudziwani, chifukwa yunifomu iliyonse ndisanaiviike ndimapisa m'matumba. Mmenemo ndapezamo masupuni, makalata a zibwenzi, ngakhale mano oikirira. Munthu amalankhula zabwino pakamwa, koma m'thumba mwake ndi mmene mumakhala zoona zake. Kapepala kaja n'kako. Wodwala ndi mayi ako, ntchito ili pa chiswe ndi yako. Nanga bwanji wakapereka kwa wina? Akuluakulu anati kandimverere anakanena zam'maluwa. Kuchoka pano kukafika ku ofesi ya Madamu ndi masitepe makumi awiri. Miyendo yakoyo, imene anakupatsira nayo dzina, yalephera masitepe makumi awiri?"

"Koma bambo, si Shuga ameneyu? Ndi mnzanga."

"Sindinati ndi mdani wako. Ndati malo ndi amodzi ndipo inu muli awiri. Ndaona atsikana ambiri akulowa pakhomo paja atagwirana manja, koma sindinaone awiri akutsala. Njala ya ntchito imasintha munthu, mwanawe. Pita ukawafunse Madamu ndi pakamwa pako kuti kapepala kafika. Kufunsa sikutha nsapato."

Kamphepo anaseka, nati apita masana. Masana kunabwera alendo ambiri. Lachiwiri Madamu anali pa msonkhano. Lachitatu anakumana ndi Shuga pa masitepe.

"Unapereka?"

"Kalekale, sisi. Gona tulo. Uwapatse moni amayi."

Kamphepo anaona kuti kukafunsanso kwa Madamu kukhala ngati kumuyesa mnzake wabodza. Anachita manyazi, ndipo sanapite.

3. Nambala 23

Lachinayi Kamphepo ndi amayi ake anafika pa chipatala m'mamawa. Anthu anali kale pa mabenchi m'khonde la odwala maso, aliyense ndi womugwira dzanja. Nesi anapatsa amayi kakhadi ka nambala 23.

"Inu mwina masana," anatero nesiyo. "Koma musachoke. Dokotala akafulumira timaitana msanga."

Amayi anali atavala diresi yawo yabwino, yomaliza imene anasoka maso asanatseke. Ankaseka ndi aliyense.

"Mawa ndikuona ngati wanenepa kapena wawonda," anamuuza Kamphepo. "Ndipo yunifomu yakoyo ndiibweza m'chiuno. Ndimaimva ndi manja, anakusokera ngati thumba la makala."

Itangokwana 8 koloko foni ya Kamphepo inalira. Anali Madamu.

"Uli kuti?"

"Ndili ku chipatala ndi amayi, Madamu. Tinasinthana ndi Shuga. Kapepala..."

"Kapepala kanji? Ine sindinalandire kapepala. Pa ndandanda pali dzina lako, ndipo zipinda khumi ndi zinayi zili chiyasamire. Basi ya alendo ikufika masana. Ikakwana 10 koloko usanafike, usadzavutikenso kubwera."

Foni inaduka. Kamphepo anaimbira Shuga kanayi, koma foni yake inali yothimitsa.

Amayi anali atamva zonse. Munthu wosaona makutu ake amagwira ntchito ya anthu awiri.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero. "Ndilankhule kamodzi, sindibwerezanso. Ntchito ndi yabwino, ndipo ndikudziwa kuti ndi imene ikutidyetsa. Koma ine ndagwirapo ntchito za anthu ndisanagule makina aja. Ndinaphunzira kuti bwana amakukonda ngati mmene munthu amakondera tsache. Likatha amagula lina, salira maliro. Bedi ukapanda kuyala lero, wina ayala. Alendo amenewo sakudziwa n'komwe dzina lako. Koma pa benchi pano palibe wina wondisayinira. Ndinabereka iwe wekha. Ukafuna kuthamangira uku ndi uku, kumbukira kuti mapanga awiri avumbwitsa. Sindikukuletsa, wakula. Koma ukapita, upite ukudziwa chimene wasiya."

Kamphepo anayang'ana chitseko cha dokotala. Anali atangoitana nambala 4.

"Amayi, anena kuti masana. Ndingopita ndikafotokoze kuti kapepala kasochera. Ola limodzi lokha. Musanamve ludzu ndabwera."

Amayi anangochotsa dzanja lawo pa bondo la Kamphepo n'kuliika pa bondo lawo.

Kamphepo anawasiyira botolo la madzi ndi chikwama, natuluka chothamanga.

4. Kangolo kali ndi mwini wina

Anafika pa hotela itatsala pang'ono kukwana 10 koloko, thukuta lili kamukamu. Anakwera masitepe awiriawiri. Atafika m'khonde lake anaima ngati wagunda khoma.

Kangolo kake kanali pakhomo la chipinda 9. Amene ankakankha anali Shuga, atavala yunifomu yochapa kumene, kumutu atamanga bwinobwino. Madamu anali pambali pake, makiyi ali m'manja.

Mtima wa Kamphepo unatsika. Anaganiza kuti zonse zatheka.

"Shuga! Wabwera! Uwauze Madamu za kapepala kaja."

Shuga anakweza nsidze.

"Kapepala kati, sisi?"

"Kobiriwira. Tinasayina Lolemba kochapira. Unati ukapereka."

"Iii, ine? Unangotchula kuti mwina udzafuna tsiku, koma sunabwerenso. Ine lero ndi ofu yanga. Ndinangodutsa kudzatenga ambulera yanga imene ndinaiwala, ndiye ndapeza Madamu ali pa moto, zipinda zili mbwee. Ndinati sindingaonerere, ndivale ndithandize. Si choncho, Madamu?"

"Ndi choncho," anatero Madamu. "Mwana uyu wasiya tsiku lake lopuma, wakonza kale zipinda zisanu ndi zitatu zimene sizinali zake."

Kamphepo anayang'ana mnzake m'maso. Ankafuna kuonamo manyazi, ngakhale pang'ono pokha. Shuga anawerama n'kuyamba kuwerenga mapilo.

Palibe chimene chinamupweteka Kamphepo chiyambire ngati chimenechi. Akadamutukwana, akadamumenya mbama, zikadapepuka. Koma uyu anali munthu amene ankamwa naye kapu imodzi, amene anati amayi ako ndi amayi anga, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti pa ola limenelo mayi wosaona ali yekha pa benchi.

"Madamu, akunama," anatero Kamphepo. "Afunseni a Simbi, analipo."

"Ine sindiyendera mboni, ndimayendera kapepala. Kali kuti?"



"Zatsala zipinda zisanu ndi chimodzi," anatero Madamu. "Popeza wabwera, zimalize. Ukatha ubwere ku ofesi tikambirane."

Apa ndi pamene Kamphepo analakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku kunali kwake yekha, Shuga sanamukankhe. Khomo linali lotsegula, minibasi zinali pa msewu. Koma mawu akuti tikambirane anamumveka ngati chiyembekezo. Anayang'ana wotchi, nadziuza kuti masana akadali kutali, n'kugwira kangolo.

Anayala mabedi aja ngati wamisala. Misozi inkadontha pa mashiti oyera, iye n'kumapukuta ndi chikhato. M'chipinda 13 mlendo anali atataya khofi pa matiresi, ndipo chipinda chimenecho chokha chinamudyera theka la ola.

Itadutsa 12 koloko anagogoda pa ofesi. Kukambirana kuja kunatenga mphindi ziwiri.

"Ntchito umaitha, palibe angakane," anatero Madamu osakweza mutu. "Koma hotela sitseka chifukwa kwanu kuli matenda. Ndikufuna munthu amene ndikayang'ana pa ndandanda ndimupeza. Malo aja ndapereka kwa Shuga. Kalata yake isayinidwa mawa m'mawa. Yunifomu usiye kochapira."

Kochapira kunalibe munthu, a Simbi anali atapita kukayanika. Anaponya yunifomu m'dengu natuluka. Pa geti la antchito anakumana ndi Shuga, atanyamula tiyi m'kapu yawo ija.

"Sisi, usanditengere mumtima. Nanenso kwathu kuli mavuto. Ukanakhala iwe..."

"Ndikanakhala ine ndikanapereka kapepala," anatero Kamphepo, n'kudutsa.

5. Anaitana katatu

Minibasi inkaima paliponse ngati yatumidwa kuti imuzunze. Anatsikira kutali n'kumaliza ndi miyendo. Atalowa m'khonde la odwala maso anapeza mabenchi ali mbee. Wantchito wina ankakolopa pansi. Chitseko cha dokotala chinali chokhoma.

Kumapeto kwa benchi kunali munthu mmodzi yekha, wovala diresi yabwino, chikwama chili pamiyendo, kakhadi ka nambala 23 kali m'manja. M'maso mwake munalibe bandeji.

"Amayi."

"Ndakumva ukadali pakhomo," anatero amayi mofatsa. "Kuyambira m'mawa ndakhala ndikumvera mapazi a aliyense wolowa. Ako ndimawadziwa."

Kamphepo anagwada pansi ponyowa paja.

"Anaitana?"

"Anaitana katatu. Ena sanabwere, ndiye mzere unafulumira. Koyamba ndinawauza kuti mwana wanga wapita kukagula madzi. Nesi anati tidikira. Kachiwiri ndinati mwina pa shopu pali mzere. Botolo lija ndinalibisa kumbuyo kuti asalione. Kachitatu sanandifunse kanthu, anangondigwira paphewa. Ine sindinanamepo kwa anthu a chipatala, mwana wanga. Lero ndanama kawiri kuti asakuyese mwana wotaya mayi ake."

"Ndikawapempha, amayi. Ndikagwada."

"Dokotala wapita. Akuti tibwere pakatha miyezi inayi, ngati malo adzapezeke. Nanga ntchito ija, waipulumutsa?"

Kulira kwa Kamphepo ndiko kunayankha.

"Ndamva," anatero amayi.

Sanamukalipire. Kamphepo ankalakalaka atamukalipira, atamutchula mayina onse oipa, koma amayi anangoika kakhadi kaja pa benchi n'kuimirira. Iye anatambasula dzanja kuti awagwire monga mwa masiku onse. Amayi analimva dzanjalo likuwakhudza, koma anatembenukira kumbali n'kufufuza khoma. Anayenda khonde lonse lija akupapasa khoma, pang'onopang'ono, mwana wawo akutsatira pambuyo ndi chikwama ngati mlendo.

6. Za m'thumba

Atafika pa geti la chipatala khoma linatha. Amayi anaima, atagwira chitsulo cha geti, magalimoto akudutsa patsogolo pawo. Kamphepo anaima pambali, osadziwa ngati aloledwa kuwagwira.

Pomwepo njinga yakale inaima mokwekwereza mabuleki. Anatsika a Simbi, akupuma mwa befu, apuloni yawo yochapira ikadali m'chiuno.

"Ndazungulira chipatala chonse," anatero. "Zimene zachitika ndamva. Sindinabwere kudzakuuza kuti ndinanena, chifukwa ukudziwa kale. Ndabwera ndi ichi."

Anapisa m'thumba la malaya natulutsa kapepala kobiriwira, kopindidwa kawiri. Kamphepo anakatambasula. Tsiku linalipo, Lachinayi. Dzina lake linalipo. Pansi pake panali siginecha ya Shuga, yokhotakhota ngati mwini wake.

"Yunifomu imene anavala Lolemba anaiponya m'dengu dzulo," anatero a Simbi. "Masana ano ndisanaiviike ndinapisa m'thumba, monga ndichitira masiku onse. Wochenjera uja anakumbukira kuthimitsa foni, koma anaiwala thumba lake. Tsono tamvera. Ine sindingakapereke. Madamu adzati nkhalamba yalowerera za ana, ndipo sakhulupirira kanthu mwini nkhani palibe. Uyenera kukaika wekha m'manja mwawo, monga unayenera kuchitira Lolemba. Amaweruka 4 koloko, ndipo mawa m'mawa kalata ya Shuga isayinidwa. Panjinga pano tingafike, tikanyamuka pompano."

Kamphepo anayang'ana wotchi ya pa geti. Inali itadutsa 3 koloko. Anayang'ana kapepala. Kenako anayang'ana amayi ake, amene anali chigwirire chitsulo chija, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera mawu a munthu wachilendoyo.

"Ndani ameneyo, mwana wanga?" anafunsa amayi. "Akukuitananso?"